Mafunso ndi mayankho: kugawa ndi kutsindika mawu olumikizana m'Chinorway

Wophunzira Chinorway aliyense amafika tsiku lokumana ndi mawu ngati menneskerettighetsorganisasjon, n'kugwira njakata. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza mawu oterewa, makamaka kwa amene lilime lawo linakulira m'Chichewa. Pamene mwaona zilembo zikuluzikulu m'kati mwa mawu, ndiye pamene liwu limatsindika kwambiri. Katchulidwe kamene tikutsatira ndi ka ku Oslo ndi madera a kum'mawa kwa Norway, kupatula pamene tatchula dera lina.

N'chifukwa chiyani mawu a Chinorway amatalika chonchi?

Chifukwa anthu a ku Norway akafuna kutchula chinthu chimodzi ndi mayina awiri kapena atatu, amawalumikiza n'kuwalemba pamodzi osasiya mpata. Ife timati nyumba ya odwala, kapena bwalo la ndege, kudalira timawu ya ndi la. Iwo amati sykehus ndi flyplass. Mawu oterewa amawatcha sammensatte ord, ndipo lamulo lake ndi limodzimodzi m'malembedwe onse awiri ovomerezeka, Bokmål ndi Nynorsk.

Zimenezi si zachilendo kwenikweni kwa ife. Msungichuma ndi chiphadzuwa ndi mawu olumikizananso. Kusiyana kwake n'kwakuti m'Chichewa mawu otere ndi owerengeka, pomwe m'Chinorway aliyense amapanga atsopano tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo simungawapeze m'dikishonale.

Chofunika kudziwa msanga n'chakuti mwini tanthauzo ndi gawo lomaliza. Hus ndi nyumba, båt ndi boti. Husbåt ndi boti lokhalamo anthu ngati nyumba, pomwe båthus ndi nyumba yosungiramo boti. Gawo lomalizalo ndi limenenso limasankha gulu la dzina: timati en båt, choncho en husbåt, timati et hus, choncho et båthus. Wa Chichewa anazolowera kuti dzina lalikulu limayamba ndipo zolifotokoza zimatsatira. Apa ayenera kutembenuza maganizo, aziyamba kuona kumapeto.

Ndiyambire pati pogawa mawu aatali m'maphatikizo?

Yambani mwafunafuna msoko, monga amachitira telala akafuna kuphwasula chovala: sang'amba paliponse, amatsata pamene panasokedwa. Musayambe ndi maphatikizo. Pezani kaye mawu athunthu amene ali m'katimo, kenaka mugawe lililonse palokha.

Titenge mawu aja a pamwamba. Muli menneske, munthu, rettighet, ufulu, kachilembo s kolumikizira, ndi organisasjon, bungwe. Ndiye kuti bungwe loona za ufulu wa anthu. Mukatero maphatikizo amadzionetsa okha: men-nes-ke-ret-tig-hets-or-ga-ni-sa-sjon.

Phatikizo silidumpha msoko. M'mawu wamba, chilembo chopanda liwu chimene chili pakati pa malembo a liwu awiri chimapita ku phatikizo lotsatira, monga ha-ge, dimba. Koma pa msoko lamulo limeneli limagonja. Sydamerikaner ndi syd-amerikaner, munthu wa ku South America. Mukalakwitsa n'kugawa kuti sydame-rikaner, mwatulutsa sydame, mayi wosoka zovala, ndipo eni chinenero amaseka nazo zimenezi. Bidragsyter ndi bidrags-yter, wopereka thandizo. Mukasunthira s kutsogolo mumapeza syter, munthu wodandaula zilizonse.

Kodi s kapena e amene amaoneka pakati ndi wa ntchito yanji?

Ndi zilembo zolumikizira. Arbeid ndi dag zimapanga arbeidsdag, tsiku la ntchito. Barn ndi hage zimapanga barnehage, sukulu ya mkaka. Jul ndi tre zimapanga juletre, mtengo wa Khirisimasi. Koma sol ndi skinn zimangogundana popanda kalikonse: solskinn, kuwala kwa dzuwa.

Palibe lamulo limodzi lokwanira pa mawu onse, koma pali zizolowezi zodalirika. Mawu othera ndi -sjon, -het ndi -tet amatenga s: stasjonsmester, kjærlighetsbrev, universitetsbibliotek. Ambiri othera ndi -ing amateronso, monga parkeringsplass. Ndipo gawo loyamba likakhala kale lolumikizana, s amakonda kubwera ngakhale pamene panalibe: vinglass ndi tambula ya vinyo, koma ya vinyo wofiira ndi rødvinsglass.

Pogawa maphatikizo, s kapena e ameneyu nthawi zonse amatsalira ku gawo loyamba: ar-beids-dag, osati ar-beid-sdag.

Nthawi zina chilembo chimodzichi chimasintha tanthauzo. Landmann ndi mlimi, landsmann ndi munthu wa dziko lanu. Sjefsekretær ndi mlembi wamkulu, pomwe sjefssekretær ndi mlembi wa bwana.

Nanga liwu limatsindika pati?

Pa gawo loyamba. Ili ndiye lamulo lalikulu pa nkhani yonseyi, ndipo amene waligwira wadutsa theka la ulendo. SYkehus, FLYplass, BARnehage, SOLskinn, LEgevakt. Eni ake kutsindika kumeneku amakutcha hovedtrykk. Gawo lomaliza silifa ayi, limakhala ndi kutsindika kocheperako kotchedwa bitrykk. Mu barnehage, bar ndi wolemera, ha ndi wolemerako pang'ono, ne ndi ge ndi opepuka.

Chenjerani ndi mfundo iyi: gawo loyamba si chimodzimodzi ndi phatikizo loyamba. Kutsindika kumagwera pa phatikizo limene limatsindika kale mawuwo akakhala paokha. Mawu ambiri amene Chinorway chinabwereka ku Chifalansa, Chilatini ndi Chigiriki amatsindika kumapeto: staSJON, teleFON, universiTET. Akakhala gawo loyamba sasintha khalidwe, choncho timamva staSJONSmester, teleFONnummer, universiTETSbibliotek. Akakhala gawo lomaliza, phatikizo lomwelo limatsikira pa kutsindika kocheperako. Mu JERNbanestasjon, siteshoni ya sitima, jern ndiye mfumu, ndipo sjon amangomveka pang'ono kuposa anzake oyandikana nawo.

Kutsindika m'Chinorway kumayenda limodzi ndi kutalika. Phatikizo lotsindika limakhala ndi lembo la liwu lalitali, kapena lembo la liwu lalifupi lotsatiridwa ndi malembo opanda liwu awiri. N'chifukwa chake tak, denga, ndi takk, zikomo, ndi mawu osiyana: woyamba ali ndi a wokoka, wachiwiri a wodula. Kutalika kumeneku sikutayika mu gawo lachiwiri. Mu hustak, denga la nyumba, u ndi wamtali ndipo a ndi wamtalinso. Ophunzira ambiri akamva kuti gawo loyamba ndilo lofunika amameza lachiwiri, n'kumamveka ngati akuti hustakk. Kumeneko n'kupitirira muyeso.

N'chifukwa chiyani anthu sandimva ngakhale ndikutchula zilembo zonse bwino?

Kawirikawiri vuto limachokera ku zizolowezi ziwiri za Chichewa, ndipo zonse n'zabwino kwathu koma zosokoneza ku Norway.

Choyamba, Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani galimoto, sukulu kapena chipatala, mumve pamene liwu likukhazikika: mo, ku, ta. Lilime limachita zimenezi losauzidwa. Likakumana ndi barnehage limanena barneHAge, likakumana ndi skolebuss limafuna kukoka le. Khutu la munthu wa ku Norway limadalira kutsindika kuti lidziwe pamene mawu ayambira, choncho mukasuntha kutsindikako amayamba kufunafuna mawu ena amene simunanene. Kwa ine ili ndilo vuto loyenera kulithera nthawi yambiri kuposa ø, y kapena kj, ngakhale kuti amenewo ndi amene amaopsa poyamba.

Chachiwiri, maphatikizo a Chichewa amathera ndi lembo la liwu. Ndi mmene tinapezera buledi, sitolo ndi sukulu kuchokera ku Chingerezi: tinalowetsa malembo a liwu pakati pa opanda liwu. Pa msoko wa mawu a Chinorway pamaunjikana malembo opanda liwu ambiri. Onani høstkveld, madzulo a nyengo ya kugwa kwa masamba, kapena tekstmelding, uthenga wa pafoni, kapena arbeidsplass, malo a ntchito. Lilime limafuna kunena tekisitimeledingi. Mawu a maphatikizo atatu asanduka a maphatikizo asanu ndi atatu, ndipo kayendedwe kake konse kasokonekera.

Njira yothandiza ndi kuima kaye pang'ono pa msoko m'malo molowetsa i kapena u. Nenani tekst, tsekani pakamwa, kenaka melding. Bwerezani mukufupikitsa kaimidweko mpaka kathe. Kupuma pang'ono sikusokoneza womvera, koma lembo la liwu lowonjezera limasokoneza.

Kodi palibe mawu ophwanya lamulo lotsindika gawo loyamba?

Alipo, koma ndi ochepa moti mukhoza kungowaloweza. SkoMAker, wosoka nsapato. LangFREdag, Lachisanu Loyera, ndi skjærTORSdag, Lachinayi la sabata lomwelo. Mbali za dziko monga nordØST ndi sørVEST. Mayina ena a mizinda, monga KristianSAND ndi KristianSUND, pomwe LILlehammer amatsata lamulo.

Pali gulu lina limene limaoneka ngati lolumikizana koma si lotero: mawu oyamba ndi be-, er- ndi for-, monga beTAle, kulipira, erFAring, luso lobwera ndi zaka, ndi forSTÅ, kumvetsa. Ambiri mwa amenewa analowa kuchokera ku Chijeremani cha kumpoto pa nthawi ya amalonda a ku Jeremani a gulu la Hansa, amene anali ndi ofesi yawo ya malonda ku Bryggen mu mzinda wa Bergen kuyambira cha m'ma 1360. Timagawo timeneti sititsindika. Koma for akamatanthauza kutsogolo amakhala gawo lenileni ndipo amatsindika: FORnavn, dzina loyamba, FORhjul, tayala lakutsogolo.

Ndamva kuti Chinorway chimaimba. Zikugwirizana bwanji ndi kutsindika?

Phatikizo lililonse lokhala ndi kutsindika kwakukulu limanyamula kamodzi mwa kamvekedwe kawiri, kotchedwa tonem 1 ndi tonem 2. Ku Oslo, tonem 1 imayamba pansi n'kukwera pa phatikizo lotsatira. Tonem 2 imayamba pamwamba, n'kutsika m'kati mwa phatikizo lotsindikalo, kenaka n'kukweranso. Chitsanzo chimene mphunzitsi aliyense amapereka ndi bønder, alimi, ndi bønner, nyemba kapena mapemphero. Chilembo d sichimveka mu bønder, choncho chosiyanitsa mawu awiriwa ndi nyimbo yokha: woyamba tonem 1, wachiwiri tonem 2. Tanken ndi thanki ija mukanena ndi tonem 1, koma ndi ganizo lija mukanena ndi tonem 2.

Apa wa Chichewa ali ndi mwayi umene Mngerezi alibe. Khutu limene limasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika linaphunzira kale kuti kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo.

Gwero lake ndi lakalekale. M'chinenero cha makolo awo, cha nthawi ya ma Viking, mawu a phatikizo limodzi anali ndi kamvekedwe kena, a maphatikizo ambiri kenanso. Bønder kale anali bœndr, phatikizo limodzi, ndipo ngakhale anadzalandira lembo la liwu lachiwiri anasunga nyimbo yake yakale. Tank nayenso ndi phatikizo limodzi, ndipo kamchira -en kotanthauza chinthu chodziwika kale sikasintha tonem, chifukwa poyamba kanali mawu apadera. Tanke, ganizo, ali ndi maphatikizo awiri chiyambire. Chiswidishi chili ndi dongosolo lofanana ndi limeneli, pomwe Chidanishi m'malo mwake chili ndi kutsamwa pang'ono kwa pammero kotchedwa stød.

Ndiye mawu olumikizana amatenga tonem iti?

Gawo loyamba ndilo limalamula, ndipo lachiwiri limataya tonem yake. Gawo loyamba likakhala la maphatikizo awiri lokhala ndi tonem 2, monga kirke, tchalitchi, mawu onse amatenga tonem 2: kirkeklokke. Likakhala la phatikizo limodzi, kawirikawiri mawu olumikizanawo amatenga tonem 2 ngakhale kuti gawolo palokha lili ndi tonem 1: solskinn, landmann. Chilembo cholumikizira e chimabweretsa tonem 2, monga barnehage. Koma s akatsatira gawo la phatikizo limodzi amabweretsa tonem 1, choncho landsmann amasiyana ndi landmann pa zinthu ziwiri, chilembo ndi nyimbo.

Ndiye pali mawu ouma mutu. Brannbil, galimoto yozimitsa moto, ili ndi tonem 1 popanda s aliyense. Ball wotanthauza mpira amapereka tonem 2 mu ballspill, pomwe ball wotanthauza phwando lovina amapereka tonem 1 mu ballkjole. Ofuna kuzama angawerenge buku la Gjert Kristoffersen wa ku yunivesite ya Bergen, The Phonology of Norwegian, la mu 2000, limene limafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane.

Kodi muyenera kuloweza zonsezi? Ayi. Tonem yolakwika imangoonetsa kuti ndinu mlendo, siitseka makutu a womvera, chifukwa nkhani imene mukukamba imasonyeza ngati mukunena alimi kapena nyemba. M'madera ena a Norway momwemo, monga ku Finnmark ndi midzi ina yozungulira Bergen, anthu sasiyanitsa matonem awiriwa ndipo amamvana ndi anzawo bwinobwino. Ikani mphamvu pa kutsindika, tonem idzabwera ndi kumvetsera.

Pali kusiyana kotani pakati pa stor by ndi storby?

Woyamba ndi mawu awiri, mfotokozi ndi dzina, ndipo onse amatsindika: mzinda uliwonse umene ndi waukulu. Wachiwiri ndi dzina limodzi la mtundu wa mzinda, lotsindika pa stor pokha. Brun ost ndi tchizi chilichonse chofiirira, koma BRUNost ndi chija chotsekemera chimene anthu a ku Norway amadya pa buledi. Mfotokozi akalowa m'mawu olumikizana amasiyanso kusintha malinga ndi dzina: et høyt hus ndi nyumba yaitali, koma et høyhus alibe t uja. Dzina la nyumba ya malamulo, Stortinget, linapangidwa chimodzimodzi, kuchokera ku stor ndi ting, msonkhano.

Apa ndi pamene kutsindika kumathandiza polemba. Mukamva kutsindika kwakukulu kumodzi kokha, lembani pamodzi. Kulekanitsa zoyenera kukhala pamodzi amakutcha særskriving, ndipo eni dziko nawonso amalakwitsa, makamaka pa zikwangwani za m'masitolo. Røykfritt ndi malo osaloledwa kusuta, koma røyk fritt akukuuzani kuti sutani mwaufulu. Lammelår ndi mwendo wa nkhosa, lamme lår ndi ntchafu zopuwala. Tunfiskbiter ndi zidutswa za nsomba ya tuna, pomwe tunfisk biter akuchenjeza kuti nsombayo imaluma. Kuli ngakhale kagulu kotchedwa Astronomer mot orddeling kamene kanatchuka posonkhanitsa zolakwika zoterezi. Ambiri amaloza chala Chingerezi, chimene chimalemba mawu ambiri otere motalikirana.

Kodi msoko umasintha katchulidwe ka zilembo?

Nthawi zina umateteza, nthawi zina ayi. Zilembo skj zikakhala m'mawu amodzi zimatchulidwa ngati sh, monga skjorte, malaya. Koma huskjøp, kugula nyumba, ndi hus ndi kjøp, choncho s amamveka payekha kenaka kj. Wosaona msoko adzatchula mawu amene kulibe.

Koma r salemekeza msoko. Kum'mawa, ku Trøndelag ndi kumpoto, r akakumana ndi t, d, n, l kapena s zimasungunukira pamodzi kukhala liwu limodzi lotchulidwa nsonga ya lilime itapindikira m'mbuyo. Zimachitika m'kati mwa mawu monga barn, komanso pa msoko: mu vårsol, dzuwa la nyengo ya kuphukira, rs amamveka ngati sh. Ku Bergen, Stavanger ndi Kristiansand, kumene r amatchulidwira pammero, kusungunuka kumeneku kulibe.

Mzere ukatha, ndidule pati mawu?

Pa msoko, ngati n'kotheka: syke-hus, arbeids-dag. Msoko ukakhala kutali, pali njira ziwiri zololedwa. Mukhoza kudula pakati pa tsinde ndi kamchira, hus-et, kapena kutumiza lembo limodzi lopanda liwu ku mzere wotsatira, hu-set. Zilembo zoimira liwu limodzi monga kj, sj ndi skj sizilekanitsidwa, chimodzimodzinso ei, au ndi øy.

Chinorway sichilola zilembo zitatu zofanana kutsatizana. Buss ndi sjåfør zimapanga bussjåfør, natt ndi tog zimapanga nattog, trafikk ndi kork zimapanga trafikkork. Mukadula pa mzere chilembo chachitatu chija chimabwerera: buss-sjåfør, natt-tog. Powerenga muzikumbukira kuti chilipo ngakhale sichikuoneka, apo ayi nattog mudzamuona ngati nat ndi tog n'kukoka a amene ayenera kukhala wamfupi.

Nanga kamzere kapakati kamagwiritsidwa ntchito liti?

Gawo limodzi likakhala chidule kapena nambala: TV-program, EU-land, 50-åring. Chimodzimodzi 17. mai-tog, perete wa tsiku lokumbukira malamulo a dziko amene anasainidwa ku Eidsvoll mu 1814. Komanso mawu awiri akamagawana gawo lomaliza, monga barne- og ungdomsskole. Kamzereko sikasuntha kutsindika.

Anthu a ku Bergen akunena mosiyana ndi a ku Oslo. Nditsate ati?

Norway ilibe katchulidwe kamodzi kolamulidwa ndi boma. Bungwe la Språkrådet limayang'anira malembedwe, osati kalankhulidwe, ndipo anthu amalankhula chinenero cha kwawo pa wailesi ya NRK, m'kalasi ngakhale m'nyumba ya malamulo. Kumadzulo ndi kumpoto nyimbo ya matonem imakhala ngati yatembenuzidwa, chifukwa tonem 1 imayambira pamwamba. M'midzi yambiri ya kum'mawa ndi ku Trøndelag mawu obwereka amatsindika poyamba, moti baNAN amamveka BANnan. Tsatani anthu amene mukukhala nawo. Lamulo lotsindika gawo loyamba la mawu olumikizana ndi limene mudzalipeze pafupifupi kulikonse.

Ndingatsimikizire kuti ndikakayika?

Pa ordbokene.no pali Bokmålsordboka ndi Nynorskordboka, madikishonale aulere amene amasonyeza malembedwe ovomerezeka ndi gulu la dzina. Pa naob.no pali Det Norske Akademis ordbok, imene imasonyezanso katchulidwe. Mawu aatali mukawasowa m'menemo musadabwe: chotsani gawo loyamba, mufufuze lomaliza palokha, kenaka mubwerere ku loyamba mutachotsa s kapena e wolumikizira. Pophunzitsa khutu, nyuzipepala ya Klar Tale imalembedwa m'Chinorway chosavuta ndipo ili ndi nkhani zoti mumvetsere, choncho mukhoza kutsatira ndi maso pamene wowerenga akutsindika.